Dimba Limene a NyaLongwe Anakana Kulima

Bokosi la a NyaLongwe linanyamuka Lachinayi m'mawa pa lole kupita kwawo ku Nkhata Bay. Mwa ife tonse amene tinadyapo thukuta lawo m'dambo la Mzilawaingwe, alimi ndi ogulitsa omwe, okwera loleyo tinalipo atatu basi. Atatu! Enawo akuti anali ndi zothirira. Chabwino, thirirani. Koma pamaliro paja analankhula ndi abusa ndi achibale okhaokha, aliyense n'kumati malemuwa anali munthu wofatsa, ndiye ine ndati ndilembe zanga. Wofatsa ndani? Mayi amene aja sanafatsepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo kuwanamizira kufatsa ali m'bokosi n'kuwalakwira kachiwiri.

Ine ndimagulitsa masamba mumsika. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ku Mzuzu ndinabwera ndi banja, ndipo kwa zaka zambiri repu, mpiru ndi tchainizi wa pabenchi langa ndinkaoda m'dimba mwa a NyaLongwe. Ukafika m'mawa ndi dengu, unkawapeza atawerama pabedi, atavala khoti loyera lositidwa bwino ngati nesi, galasi lokulitsa zinthu lili lende pakhosi. Ndinkawaseka kuti Atonga inu ngakhale kokatapa manyowa mumapita mutatchena. Iwo ankangoti munthu wa ku Ntcheu asawaphunzitse za zovala, awaphunzitse za mbatata.

"Mwawuka uli, amake Tadala? Pondani bwino apo, pali antchito."

Antchitowo anali tizilombo. M'dimba mwawo simunkalowa mankhwala opopera, ndipo munthu akafika ndi sipuleya kumsana ankaimira kunja kwa mpanda ngati wodwala chikuku. Nsabwe za m'masamba, zija zimaunjikana kuseri kwa tsamba n'kumayamwa mpaka tsamba kupiringizika, iwo ankathana nazo ndi tizilombo tinzake todya nsabwezo. Timene ankatikonda kwambiri ndi tija tofiira ta madontho akuda, tozungulira ngati theka la nyemba. Ankatitchula kuti apolisi. Ankadziwa mazira ake achikasu, ankadziwa ana ake akuda aja ooneka ngati ting'ona, amene alimi ena ankawaphwanya ndi chala poyesa kuti ndi adani. Ukaphwanya mmodzi iwo akuona, unkamva mbiri ya makolo ako onse. Ankasiya dala mpiru wina kuti uchite maluwa pofuna kuti apolisiwo asasamuke, ndipo mlimi mnzawo akadandaula za nsabwe ankamupatsa apolisi khumi m'bokosi la machesi, ulere, koma ndi ulaliki wa ola lathunthu.

Analinso ndi ziswamphika. Ife kwathu tinakula tikuuzidwa kuti chiswamphika ukalowa nacho m'nyumba miphika imasweka, koma iwo ankayenda nacho chili pa duku, n'kumati miphika yawo ndi yachitsulo, chiyese. Pansi pa denga la kachisakasa kawo panali chisa cha mavu, chimene ankati chimawachotsera mbozi pa kabichi. Chinkawachotseranso akuba. M'dambo monse anthu ankalira kuberedwa tomato, koma kwa a NyaLongwe palibe anayesapo kawiri.

Tsiku lina mlimi woyandikana nawo anayamba kupopera mphepo ikuwombera kwa iwo. Sanakuwe. Anadumpha ngalande, mayi wa zidzukulu, n'kumuvula bamboyo sipuleya kumsana ngati akuvula mwana yunifolomu, n'kukhalira. Anakhalira mpaka mphepo inaleka chakumasana, kenako anamubwezera n'kumuthokoza kuti yewo chomene chifukwa chodikira. Bamboyo sanawalankhule miyezi itatu, koma nsabwe zitamuvuta anatuma mkazi wake kukapempha bokosi la machesi.

Nzeru zimenezi sanazitole pamsewu. Asanapume, anagwira ntchito zaka zambiri yotsuka mabotolo mu labu ya zaulimi. Sukulu analekezera pulayimale chifukwa bambo awo anasankha kuphunzitsa anyamata, ndipo nkhani imeneyi inkawawawa mpaka tsiku lomaliza. Ankati mu labu muja amadigiri ankalemba malipoti, iwo ankatsuka, koma wotsuka ndi amene amaona zotsalira pansi pa botolo. Ankakondanso kunena kuti anthu ambiri amayang'ana dimba ataimirira, chonsecho nkhani zonse za dimba zimachitikira kuseri kwa tsamba.

Panali chinthu chimodzi chimene anaphunzitsa dambo lonse, ndipo ankanyadira nacho. Mvula ikatha, kamtsinje kodutsa m'dambomo kamasiya matope akuda m'mbali. Iwo ndi amene anayambitsa zotapa matopewo ndi mabeseni n'kumawathira pamabedi m'malo mwa feteleza. Masamba ankabiriwira mochititsa kaso, thumba la feteleza osagula. Alimi onse a m'kalabu ya dimba anatengera, ndipo a Msiska, tcheyamani wa kalabuyo, ankati akabwera alendo n'kumawaonetsa matopewo ngati anawatulukira okha.

Tsono chinafika chaka chimene apolisi anayamba kufa.

Masamba anali okongola monga mwa nthawi zonse. Koma nsabwe zinachuluka, ndipo a NyaLongwe anaona kuti mazira achikasu aja ambiri sakuswa. Ana amene aswa ankadya nsabwe masiku angapo, kenako n'kuuma asanasanduke akuluakulu. Ziswamphika ankazipeza pansi zikuyenda ngati zaledzera, zina zitagona chagada. Poyamba anaganiza kuti pali wina akupopera mozemba, ndipo anayenda dimba ndi dimba kununkhiza masamba a anzawo, kuyambana ndi aliyense. Sanapeze kanthu. Chimene chinawatsegula maso ndi masamba ochepa amene ankadzala m'matumba kuseri kwa nyumba yawo kumtunda, othirira ndi madzi a pachitsime, opanda matope a kumtsinje. Kumeneko apolisi anali gwa, akuswana bwinobwino. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anavala khoti lawo n'kutsata kamtsinjeko kulowera kumtunda. Atayenda kamtunda ndithu anapeza mpanda wa malata, m'katimo anthu akuphwanya mabatire akale a galimoto ndi nkhwangwa. Madzi a asidi ankawakhuthulira m'ngalande yotsikira kumtsinje, ndipo mtovu, chitsulo cholemera chija cha m'kati mwa batire, ankausungunula m'mapoto n'kuumba timiyala tomiza maukonde, tokagulitsa kwa asodzi. Phulusa ndi zinyalala zake ankazitaya pagombe pomwepo, mvula n'kumakokolola. A NyaLongwe, mwana wa kunyanja, sakanasokonezeka ndi mtovu. Mwini malowo anali mphwake wa a Msiska, mwana wa mlongo wawo.

Anatola tizilombo takufa m'botolo lina, masamba m'lina, matope m'linanso, n'kupita nazo kwa munthu wina amene anagwira naye ntchito kale mu labu muja kuti akaziyeze. Anadikira masabata angapo osauza munthu. Pepala litabwera linanena zimene iwo anali atadziwa kale: mtovu ndi zitsulo zina zinali m'matope, zinali m'masamba, zinalinso m'matupi a tizilombo tija.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinangofika m'mawa wina ndi dengu langa, repu ali tayale, wofika pothyola, masamba ngati makutu a njovu.

"Lero palibe," anatero.

"Palibe bwanji, amama? Nanga uyu ndi udzu?"

"Khalani pansi, amake Tadala."

Anandikhazika pa keni yothirira n'kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Anati thupi la chamoyo chilichonse limafuna tizitsulo tina pang'ono chabe, monga ndiwo zifunira mchere, koma pali zina zimene thupi silizifuna n'komwe, ndipo zikalowa sizituluka msanga. Muzu umamwa pang'ono kuchokera m'dothi. Nsabwe imayamwa tsambalo tsiku lonse osapuma, n'kusunga. Wapolisi amadya nsabwe zosawerengeka, ndipo chilichonse chimene nsabwezo zinasunga chimasamukira mwa iye. Chiswamphika chimadya onsewo. Ndiye tsamba limaoneka la bwinobwino, nsabwe ikunenepa, koma wodya pomalizira ndi amene amasenza katundu yense.

"Sono m'dimba muno wodya pomalizira ndi ndani?" anandifunsa. "Mukuganiza kuti ndi chiswamphika? Yayi. Ndi Tadala."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinali ndi makasitomala odikira, mmodzi wa iwo mayi wophikira ana pa sukulu ya mkaka ku Geisha, amene ankatenga theka la dengu tsiku lililonse. Ndinawauza kuti masamba tadya chaka chonse ndipo palibe wagwa, kuti tizilombo timafa tokha ndi kuzizira kwa Mzuzu, kuti sukulu ya kutsuka mabotolo isatisowetse mtendere. Mawu omalizawo ndinawalankhuladi, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi. Iwo anangonditembenuzira dengu langa chafufumimba.

Loweruka lake kalabu inakumana pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene timakumanira nthawi zonse. A NyaLongwe anawerenga pepala lija, n'kuyendetsa botolo la tizilombo kuti aliyense aone. Kenako a Msiska anatsokomola n'kuyamba Chingerezi chawo cha pamsonkhano, kusakaniza ndi Chitumbuka, kuti nkhaniyi ndi yofunika kuigwira mosamala. Anati mumsika akangomva kuti mphangwe ya ku Mzilawaingwe, masamba athuwa, ili ndi poizoni, ndiye kuti tonse tatha, ngakhale amene madimba awo ali kutali ndi mtsinje. Anati za mphwawo akambirana pachibale. Anapempha kuti pepalalo lisungidwe ndi komiti, ndipo tithyole kaye mbewu imene ili m'mundayi, zinazo tiona chaka chamawa. Anthu ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Inenso ndinagwedeza. Tonse tinkadziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

A NyaLongwe anaimirira, n'kupinda pepala lawo, n'kuliika m'thumba la khoti.

"Adada a Msiska, mwana wa mlongo wanu wathira uve mumtsinje, nadi. Koma uvewo ukanangopita ndi madzi. Amene anautapa ndi beseni n'kuuthira pamabedi ndi ndani? Ndine. Amene anakuphunzitsani nonsenu kutero ndi ndani? Ndine. Ndinakuuzani kuti matope akuda ndi chuma, munandiwombera m'manja. Lero ndikukuuzani kuti ndinalakwa, ndiye mukuti ndikhale chete? Mlanduwu ndi wanga, ndipo simungandisungire mlandu wanga mu komiti."

Wina anakuwa kumbuyo kuti ngati akufuna kulapa apite kutchalitchi. Anthu anaseka. Iwo sanaseke, anangoti mawa aliyense adzabwere adzaone.

Mawa lake linali Lamulungu, anthu akuchokera ku mapemphero, atavala bwino, njira yodutsa m'dambo itadzaza. A NyaLongwe, amene sankajomba kutchalitchi ngakhale akudwala, tsiku limenelo anajomba. Anali m'dimba ndi khasu. Anazula repu yense, mpiru yense, tchainizi, kabichi amene anali atayamba kumanga, bedi ndi bedi, osasiya ndi phata limodzi. Anthu anaima m'mbali mwa mpanda, ena kugwira pakamwa, ena kutukwana. Mayi wina anapempha kuti bola amupatse akadyetse nkhumba zake. Iwo anamufunsa kuti nanga nkhumbayo adzadya ndani. Anakumba dzenje kumtunda, kutali ndi madzi, n'kututira zonse m'menemo ndi wilibala, okha, mpaka dzuwa kupendeka. Khoti lija linali lofiira ndi dothi. Palibe anawathandiza, ndipo ine ndinali pomwepo, manja ali m'chiuno.

Tsopano ndinene zanga, popeza ndayamba. Lolemba ndinakaoda kwa a Msiska. Masamba a madzi omwewo, matope omwewo. Ndinagulitsa, ndipo mayi wa ku Geisha uja anatenga theka lake la dengu. Ndinachita zimenezi masabata awiri, ndikudziuza kuti mwana wanga sadya pepala la ku labu.

Tsiku lina ndili pabenchi ndinangoona khoti loyera likubwera pakati pa anthu. Anandipatsa moni bwinobwino, anabwereka kreti kwa mnzanga wa tomato, n'kukhala pambali panga. Kenako anatulutsa botolo la tizilombo takufa lija n'kuliimika pakati pa mipukutu ya repu. Kasitomala aliyense wofika ankafunsa kuti m'botolomo muli chiyani, ndipo iwo ankangoloza ine ndi mlomo kuti funsani eni benchi. Ndinawanong'oneza kuti amama, mukundiphera bizinesi, chonde chotsani. Anati achotsa ndikawauza kuti masambawa achokera kuti. Mayi wa ku Geisha atafika, ali ndi kamwana kumsana, n'kuyamba kusankha mipukutu, manja anga anakana. Ndinamulanda mpukutu m'manja n'kumuuza kuti lero asagule kwa ine. Ndinalira pamsika, anthu akuona, ndi mkwiyo ndi manyazi pamodzi. A NyaLongwe anatenga botolo lawo, anabweza kreti, n'kunena kuti mawa ndipite kwawo m'mawa akandionetse alimi a kumtunda amene amathirira ndi zitsime.

Palibe anawathokoza. Anawachotsa mu kalabu. Ena anati apenga, ena anati botolo lija ndi la ufiti, ndipo panali amayi amene anasiya kukhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Iwo ankati kukhala wekha pabenchi n'kwabwino, umatambasula miyendo. Lolemba lililonse ankasita khoti lawo n'kupita ku maofesi ndi pepala lija, kukhala pamzere, kuuzidwa kuti abwana achokapo, kubweranso sabata yotsatira. Alonda anafika powadziwa dzina. Patapita nthawi mpanda wa malata uja unaphwasulidwa, ophwanya mabatire anasamuka. Kaya ndi maofesiwo anachita, kaya mphwake wa a Msiska anangotopa ndi mayi woima pageti pake tsiku ndi tsiku, sindikudziwa. A Msiska anauza anthu kuti anakonza ndi iwo, pachibale.

Ndiye anthu anati basi, nkhani yatha, tiyeni tibwerere m'dambo. Apa ndi pamene a NyaLongwe anayambana ndi dziko lonse kachiwiri. Anati ochita uve asamuka koma mtovu sunasamuke, uli m'dothi momwemo, ndipo dimba lawo ndi limene linadya matope ambiri kuposa onse chifukwa iwo ndi amene ankatapa mwakhama. Alimi ena anawamvera, anapala dothi lapamwamba, ena anasamukira kumtunda. Ena anapitiriza ngati palibe chachitika, ndipo mpaka lero ine sindioda kwa iwo ngakhale atsitse mtengo bwanji. Koma dimba lawolo a NyaLongwe sanadzalemonso kanthu kodya. Ankangodalira masamba a m'matumba kuseri kwa nyumba, ochepa, osakwana n'komwe dengu langa.

Dimba la pafupi ndi madzi mumzinda uno ndi golide. Anthu anabwera kudzabwereka, ena kudzagula. Anabwera bambo wina wa ku Msongwe ndi galimoto, atanyamula shuga ndi buledi, n'kunena kuti iye adzangodzala chimanga chachiwisi. Anamulandira bwino, anamuphikira tiyi ndi shuga wake yemweyo, n'kumuperekeza mpaka pagalimoto wopanda dimba. Ana awo omwe, amene ali ku Lilongwe, anawachonderera kuti agulitse apeze zogulira mankhwala a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anawayankha kuti anawaphunzitsa sukulu kuti azimva zinthu, osati kuti azimuwerengera mayi wawo mitengo ya malo. Ankati munthu ukagulitsa dimba lotere wagulitsa ndi matenda omwe, kungoti wogulayo sakudziwa kuti wapatsidwa basela.

Nditapita kukawaona kuchipatala sabata yomaliza, anali atatha, mawu akutuluka movutikira. Ndinkayembekeza kuti anena za Mulungu kapena za ana. Anandikoka dzanja n'kundiuza kuti anthu a m'dambo akungodikira kuti iwo atseke maso. Ndinati ayi amama, anthu anamva. Anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira munthu wonama, n'kunena kuti amake Tadala, inu nomwe munamva liti?

Dzulo ndinapita kukaona dimbalo, koyamba chibwerere kumaliro. Mpanda wagwa mbali ya kumtsinje. Udzu wafika m'chiuno, chisoso chili mbuu, ndipo mizere ya mabedi akale ukuiona pokhapokha utaponda. Kachisakasa kanatsala mitengo iwiri. Malo onse ozungulira ndi obiriwira, anthu akuthirira, akuseka, mawailesi akulira, koma pakatipo pali chigamba chimenechi cha tchire, chopanda munthu, chonyansa m'maso, chimene mayi mmodzi anachisunga chonchi zaka zonsezi ndi mkamwa mwake mokha. Ndinaima pamenepo mtima ukuwawa, ndipo ndinawasowa kwambiri.

Kenako ndinaona pakona ya kumunsi, pobisika ndi udzu. Wina walambula. Wakonza mabedi atatu atsopano, osalala bwino, wawaphimba ndi udzu wouma, ndipo dothi lake linali lonyowa, lothiriridwa m'mawa womwewo. Nditakweza udzuwo ndinapeza mbande za repu zitamera thothotho, masamba awiriawiri, zokongola zedi. Maliro sanathe ndi masabata awiri omwe.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Onse othirira aja anali ataweramira makeni awo, palibe woyang'ana kwa ine, ndipo wailesi ina inazimitsidwa. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, n'kuzula mbandezo ndi manja, bedi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ndinaziunjika panjira poonekera, n'kukhala pansi pambali pake mpaka masana. Mwini wake sanabwere. Benchi langa lero ndasiyira mnzanga wa tomato, ndipo ndikupitanso komweko. Abwere adzandifunse.